Zala Zakuda pa Malaya a Pulofesa

1

Apongozi anga anandipatsa dzina loti Nasutikesi. Sanalakwe. Ndinabadwira m'tauni, kuseri kwa depoti ya mabasi, ndipo mpaka lero ndikakhalitsa malo amodzi mapazi amayabwa. Ngakhale pano ndikulemba ndili pa benchi yodikirira basi, sutikesi ili pakati pa miyendo.

Akonzi amati tsamba lino ndi la olapa. Ine sindinabwere kudzalapa. Ndabwera kudzakuuzani momwe ndinagwetsera mwamuna wanga pamaso pa holo yodzaza, osamukhudza ndi chala chomwe.

Ntchito yanga ndi kemisitiri. Yakenso inali yomweyo, kale. Aliyense ankamutcha Pulofesa, ngakhale mayi ake omubala. Labu ya pa yunivesite inali yake. Iye ankakhala mu ofesi ya pamwamba, kulandira alendo ndi kusaina mapepala. Ine ndinkakhala pansi, pakati pa mabotolo ndi fungo.

Zinthu ziwiri za iye muzisunge. Botolo anasiya kugwira kalekale. Ndipo wina akamutsutsa pagulu, ankavula chovala cha pamwamba, kuchiponya pa mpando, n'kutembenukira ku bolodi ndi choko m'manja. Ophunzira ankamuyerekeza m'makonde. Ine ndinkati ndi chamuna. Chikondi chimapusitsa.

2

Ndikufotokozereni pang'ono za ntchitoyo, poti nkhondo yonse inali m'botolo.

Mumatenga kachitsulo ka kopa, kochepa koti diso silingaone. Mumakapangira dzanja loti likagwire mbali zonse. Dzanja limenelo timalitcha ligandi. Langa ndinalipanga ndekha. Linandidyera zaka, tsitsi la patsogolo, ndi mimba imodzi yomwe inapita padera ndili pa ulendo.

Kopa amataya tinthu totchedwa maelekitironi. Akataya awiri timati kopa wachiwiri. Ameneyo ndi wamba, ali paliponse. Koma kuti ataye yachitatu, ndiye pali nkhondo. Kopa wachitatu ndi wosowa. Womugwira n'kumukhazika m'botolo, dzina lake limamveka kutali.

Masana ena ndinadonthezera mchere wa siliva m'botolo langa. Siliva ndi mbala. Ntchito yake n'kulanda elekitironi imodzi. Madzi ofiirira a m'botolomo anatembenuka pompo. Anabiriwira, kubiriwira kwakuda ngati ndere za m'thanki yakale.

Ndinakwera masitepe chothamanga.

"Bambo, tsikani mudzaone."

"Ndili ndi alendo."

"Alendowo sathawa."

Anatsika manja ali m'matumba. Anasuzumira. Maso anatuluka.

"Mwaliyesa pa makina?"

Makinawo kwathu kunalibe. Ali kunja, ulendo wa ndege. Ndiye Nasutikesi ananyamula fulasiki yozizira n'kunyamuka.

Makinawo ali ndi khutu limodzi. Amamva elekitironi yopanda mnzake, ija ife mu labu timaitcha mbeta. Kopa wachiwiri ali ndi mbeta imodzi, ndiye ukamuika m'makinamo amakuwa, cholembera chimadumpha pa pepala. Ndinaika madzi anga obiriwira. Zii. Mzere woongoka ngati msewu wa ndege.

Ndinaimba foni.

"Makina ali chete."

"Ndiye mbeta yapita!" anakuwa mpaka ndinachotsa foni ku khutu. "Siliva walanda yomweyo! Kopa wachitatu, akazi anga!"

"Dikirani kaye. Pali kuyesa kwina komwe sitinachite."

"Kuyesa chiyani? Chete ndi chete. Bwerani kunyumba."

3

Kunyumba kunali Mzime.

Ndi mng'ono wanga, wotsiriza kubadwa. Mayi atamwalira ndinamulera ndine. Ndinamupesa tsitsi, ndinamusokera yunifolomu, ndinamuphunzitsa kudumpha msewu. Atafika pa yunivesite ndinamutengera m'nyumba mwanga, kenako mu labu. Mutu anali nawo. Vuto lake linali limodzi: magolovesi.

"Iwe, magolovesi ali kuti?"

"Amanditenthetsa manja, achemwali."

"Siliva adzakudetsa."

"Ndi madzi chabe awa. Taonani, palibe chilichonse."

"Dikira dzuwa."

Ndi momwe siliva alili. Akakhala pa chala saoneka. Umagwira chitseko, umagwira nsalu, osadziwa. Koma dzuwa likamenya pamalopo, pamada. Ndipo sachoka. Sopo amalephera. Pakhungu amadikira khungu lisuwe. Pa nsalu ndiye mpaka kalekale.

Zala za Mzime zinkakhala zakuda kumapeto ngati za wogulitsa makala. Pulofesa ankamuseka pa tebulo.

"Mlamu, ndani adzakukwatire ndi manja amenewo?"

"Wondifuna adzandifuna nawo, alamu."

Ndinkaseka nawo. Ine ndemwe.

Nditabwerako ku ulendo wina ndinapeza dengu la zochapa litadzaza. Ndinachapa. Ndinayanika pa chingwe cha kuseri. Ndinakhala pa sitepe ndi kapu ya tiyi, ndikuyang'ana malaya oyera a mwamuna wanga akuuma.

Dzuwa linakwera. Pa msana pa malayawo panayamba kuoneka timadontho totuwa. Ndinaika kapu pansi. Timadonthoto tinada pang'onopang'ono, ngati chithunzi chikutuluka. Chala. China. Chinanso. Manja awiri, limodzi pa phewa ili, lina pa phewa ilo, zala zitakanikiza kuchokera kutsogolo.

Ndinaimirira. Ndinaika dzanja langa pamwamba pa chidindocho. Langa linali lalikulu.

Munthu sagwira mlamu wake choncho pomupatsa moni.

Sindinalire. Ndinadikira malayawo aume. Ndinawasita bwinobwino, kolala ndi mikono yomwe. Ndinawapinda. Ndinawaika pansi penipeni pa sutikesi yanga.

4

Sipanapite nthawi, apongozi anabwera kudzacheza. Anabwera ndi katundu wa munthu wosafulumira kubwerera.

Kale apongoziwo sankamuwerengera Mzime. Ulendo uno anali kumusendera malalanje.

"Idya, mwana wanga. Zowawasa zimathandiza."

Zimathandiza chiyani? M'mawa uliwonse ndinkamva mpopi wa ku bafa ukutsegulidwa mwamphamvu kuti ubise phokoso lina. Ndine mkazi. Ndinawerenga nkhaniyo popanda magalasi.

Pa chakudya cha masana Lamlungu, Pulofesa anapukuta pakamwa n'kukhosomola ngati ali pa msonkhano.

"Pepala la kopa wachitatu lakonzeka. Likupita ku magazini ya akatswiri. Koma pali nkhani ya maina."

"Maina atani?"

"Inu ndi ine tili ndi dzina limodzi. Anthu angati ndi golosale ya banja. Ndiye Mzime akufunika digiri. Ndaganiza kuti dzina loyamba likhale lake, lomaliza langa."

"Langa?"

"Inu muli ndi mapepala ambiri kale."

Apongozi anaseka ndi m'mphuno. "Eetu. Ena amabereka mapepala. Asiyireniko anzanu limodzi, a Nasutikesi."

Ndinayang'ana Mzime. Maso ake anali m'mbale. Zala zakuda zija zinkatembenuza supuni.

Mwamuna mungatenge. Amuna ali ngati mabasi, ikapita ina ikubwera. Koma ligandi ija inali mwana yekhayo amene ndinamunyamula mpaka kubadwa. Ndipo ankamupereka kwa wina ine ndili pompo, pakati pa mchere ndi supuni.

"Chotsani," ndinatero.

"Mwati?"

"Dzina langa. Chotsani. Palibe vuto."

Anandiyang'ana ngati munthu amene wakankha chitseko ndi phewa n'kupeza chinali chosatseka.

"Mwakula, akazi anga."

"Ndakuladi, bambo. Ndikuonjezereni supu?"

5

Ndikudziwa zomwe mukuganiza. Mkazi wokwiya, makiyi a kabati ya mankhwala oopsa ali m'thumba mwake. Nanenso ndinaganiza zomwezo. Ndinatsegula kabatiyo. Ndinawerenga zolembedwa pa mabotolo, limodzi limodzi, ngati wosankha nsapato. Kenako ndinatseka. Imfa imafulumira. Komanso pa maliro ake akanamutama.

Ndinatsika pa shelefu ya m'munsi. Ndinatenga kabotolo ka ufa woyera, wamba, wosapha ndi khoswe yemwe.

Ndinkagwira ntchito nthawi ya chakudya cha masana, labu ili mbee. Awiriwo nthawi imeneyo ankakhala mu ofesi ya pamwamba, akuti kukonza pepala. Ine ndinkamva mpando ukukwekwesa pamwamba pa mutu wanga, ndikusakaniza zanga.

Nditamaliza ndinanyamulanso fulasiki. Ndege. Makina aja.

Woyendetsa makinawo ndi mayi wachikulire, wamfupi, wosuta fodya ngati chumuni. Akatswiri amamuopa. Sanamizika. Anaika madzi anga atsopano m'makinamo.

Cholembera chinadumpha mpaka kugunda m'mphepete mwa pepala.

Mayiyo anachotsa ndudu pakamwa. Anayang'ana pepalalo. Anandiyang'ana.

"Amuna ako akudziwa?"

"Adzadziwa."

"Liti?"

"Yunivesite ikuwakonzera mwambo wa ulemu. Akalankhula pagulu za kopa wachitatu. Mubwere, mayi. Mudzakhale kutsogolo."

Anaseka mpaka kutsokomola. "Mwana iwe, ndiwe woipa. Ndibwera."

Musati Pulofesa sindinamupatse mpata. Nditabwerera ndinakumana naye pa masitepe.

"Bambo, kuyesa kuja ndinanena kuja. Simukufuna tichite musanalankhule pagulu?"

Anandisisita phewa.

"Nsanje sikukuyenerani. Munavomera nokha za dzina."

Mbuzi ikakondwa, amalonda ali pafupi. Ndinamupatukira kuti adutse.

6

Tsiku la mwambo kunatentha kuyambira m'mawa.

Pulofesa ndinamuveka ndekha. Ndinamugwirira malaya kumbuyo, iye n'kulowetsa mikono akuloweza mawu ake pa galasi. Ndinamanga mabatani. Ndinamanga tayi.

"Jekete siyani, bambo. Kukutentha. Gauni ikwanira."

Ndinamuveka gauni yofiira ija chipinda chisanatsegulidwe.

"Mukanakhala chonchi masiku onse," anatero.

Ankafuna chionetsero. Anthu aone ndi maso awo madzi akusintha mtundu. Wokonza botolo anasankha ine.

"Manja a Mzime akunjenjemera masiku ano. Mutikonzere ndinu."

Ndinakonza. Ndinalikulunga m'pepala lonyezimira monga timachitira nthawi zonse, poti kuwala kumaononga. Ndinaliika m'ndowa ya madzi oundana.

Holo inadzaza. Akuluakulu a yunivesite ndi zisoti zawo. Akatswiri ochokera kunja. Ophunzira mpaka m'mawindo. Apongozi mzere woyamba, atavala chipewa chatsopano chokhala ndi nthenga. Pafupi nawo, mayi wa makina, ndudu yosayatsa ili pakamwa. Ine ndinakhala pakati, m'mbali mwa kanjira.

Analankhula bwino. Zimenezo ankatha. Ananena za zaka zomwe anavutika, za tulo tomwe sanagone. Anathokoza mayi ake. Anathokoza wophunzira wake waluso. Kumapeto anathokoza mkazi wake chifukwa chosamala pakhomo.

Anthu anaomba m'manja. Nanenso ndinaomba.

"Tsopano muone nokha."

Mzime anakwera pa nsanja, diresi lotaya kuti libise mimba. Anatulutsa botolo m'ndowa. Anamasula pepala lonyezimira lija.

Anauma.

Madzi a kopa amakhala ofiirira asanakumane ndi siliva. Mzime ankadziwa, anawagwirapo kambirimbiri. Awa anali achikasu chofooka, ngati tiyi wa munthu womana.

Anakweza maso. Anandifunafuna m'gulumo. Anandipeza.

Apa ndi pomwe zonse zikanathera. Mawu amodzi okha m'khutu mwa alamu ake. Ndinamuyang'ana osaphethira. 

Mzime anatambasula manja n'kupereka botolo.

Pulofesa sanaone cholakwika. Akanaona bwanji? Madziwo ankawadziwa atabiriwira kale. Anatenga kachubu ka siliva, atakagwira ngati foloko. Dontho. Lina.

Kubiriwira kunafalikira m'botolo lonse.

"Amayi ndi abambo," anakweza botololo m'mwamba, "kopa wachitatu!"

Holo inagwedezeka. Apongozi anaimirira, nthenga ikuvina.

7

"Mafunso?" anatero woyendetsa mwambo, akuyang'ana kale wotchi.

Ndinakweza dzanja. Anaseka. "Mayi a kunyumba! Chonde."

Ndinaimirira.

"Pulofesa, m'botolo mwanyamulamo muli kopa wochuluka bwanji?"

"Wokwanira," anatero, anthu n'kuseka.

"Mulibe ndi kadontho komwe. Ndakonza ndine. Ligandi ndi yomweyo, koma pakati pake ndaikapo zinki."

Ophunzira a kumbuyo sanamve msanga. Akatswiri a kutsogolo anamva. Ndinaona mitu ikutembenuka.

"Zinki ndi womana," ndinapitiriza. "Aliyense muno wa chaka choyamba akudziwa. Amataya awiri basi. Yachitatu sapereka, ngakhale mumuopseze ndi siliva wa dziko lonse. Ndiye ngati madzi abiriwirabe, mbala ija yabera ndani?"

Ndinayankha ndekha.

"Yabera dzanja, osati chitsulo. Elekitironi ikuchoka pa ligandi. Ndi momwe zinalili kuyambira pachiyambi. Kopa wanu sanakwere paliponse, bambo. Akadali wachiwiri."

"Bodza!" Botolo analiika pa tebulo mwamphamvu. "Makina anali chete! Kopa akanakhala wachiwiri, mbeta yake ikanamveka!"

Mayi wa makina sanaimirire n'komwe. Anachotsa ndudu pakamwa.

"Anali chete chifukwa mbeta zinali ziwiri, Pulofesa. Ina pa kopa, ina yatsopano pa ligandi. Zinagwirana m'botolomo, makina osamva kanthu. Mkazi wanu anachotsa kopa n'kuika zinki, amene alibe mbeta. Ya pa ligandi inatsala yokha. Inakuwa mpaka kundithyolera cholembera. Pepala lili m'chikwama mwangamu."

"Chete si umboni woti m'nyumba mulibe kanthu, bambo," ndinatero. "Nthawi zina ndi awiri agwirana."

Thukuta linatsika m'masaya mwa Pulofesa. Anayang'ana uku ndi uku. Kenako analoza Mzime.

"Ntchito ya manja anachita ndi uyu! Dzina loyamba ndi lake! Ngati pali cholakwika, funsani iye. Ine ndinangodalira zomwe anandipatsa."

Mzime anagwira m'mphepete mwa tebulo. Zala zakuda zija zinaonekera bwino pa nsalu yoyera.

"Komabe ndikuonetsani!" anakuwa Pulofesa. "Masamu sanama!"

Ndinkadziwa chotsatira. Ophunzira ankadziwanso, ena anayamba kugwedezana.

Anavula gauni. Anaiponya pa mpando. Anatola choko. Anatembenukira ku bolodi.

Manja awiri akuda, limodzi pa phewa ili, lina pa phewa ilo.

Munthu saona msana wake. Analemba mzere woyamba. Analemba wachiwiri. Kumbuyo kwake holo yodzaza anthu a kemisitiri inkawerenga nkhani ina. Aliyense mmenemo anadetsedwapo ndi siliva. Aliyense ankadziwa kuti Pulofesa sagwira botolo. Maso ankachoka pa malaya, kupita pa zala za pa tebulo, kutsikira pa diresi lotaya, n'kubwereranso pa malaya.

Kumbuyo wina analiza mluzu wautali.

"Mwana wanga," apongozi ananong'ona mokweza, "vala gauni."

"Dikirani, amayi, ndimalize."

"Vala gauni!"

Anatembenuka. Anaona nkhope. Anapotoza khosi, kukoka malaya pa phewa, kuzungulira ngati galu wofuna mchira wake. Atachiona chala choyamba, choko chinagwa.

Ndinatola chikwama changa n'kutuluka pa kanjira kapakati. Sindinathamange.

8

Sutikesi ndinali nditaisiya mu labu. Mzime anandipeza komweko, ndikuchotsa makapu anga pa shelefu.

Anaima pakhomo.

"Unaona," ndinatero osatembenuka.

"Ndinaona, achemwali."

"Ukanamuuza. Dzina loyamba linali lako. Digiri yako yapita ndi botolo lija."

"Ndikudziwa."

"Nanga bwanji?"

Anakhala pa kampando kakatali, dzanja pa mimba.

"Anali atakonza kale, alamu ndi mayi awo. Mwambo ukatha ine ndipite kutali, kwa achibale awo, ndikachire mwakachetechete. Mwana abwere kuno. Akuuzeni kuti ndi wa mnyamata wina amene anandithawa."

Ndinatembenuka.

"Ndiye?"

"Ndiye inu, poti mulibe wanu, mumutenge. Mumulere m'nyumba mwa bambo ake, mukuthokoza amuna anu chifukwa cha mtima wabwino. Mayi awo anati mukagwira khanda mudzasiya kuyendayenda."

Kapu inali m'manja mwanga. Sindikudziwa momwe inafikira pansi.

Ligandi yanga kwa iye. Mwana wake kwa ine. Anatigawa ngati zovala za malemu, ife tili moyo.

"Sindinachite chifukwa cha inu," anatero Mzime, misozi ikutsika. "Musandiyese wabwino. Ndimafuna ndione ngati angadziwe kuti m'botolo mwasinthidwa. Sanadziwe. Kwa iye zonse n'chimodzimodzi, bola zibiriwire."

Ankadikira kuti ndimukumbatire. Ndinaona mapewa ake akudikira. Mapewa omwe ndinkawasambitsa m'beseni.

Ndinatsegula diroo. Ndinatulutsa bokosi la magolovesi. Ndinamuikira pa miyendo.

"Uzivala," ndinatero.

Ndinakoka sutikesi yanga.

9

Pepala lawo linabwezedwa. Pulofesa anapatsidwa tchuthi chosanena tsiku lobwerera. Ndimamva kuti ophunzira akamadutsa pa geti pake amagwirana mapewa. Apongozi akuti amauza anthu kuti ndinalodza malaya. Ndi ulemu waukulu womwe anandipatsapo.

Ine ndinalemba pepala lina, la zoona. Ligandi yomwe imapereka elekitironi yake kuti chitsulo chisavutike, ndi mbeta ziwiri zobisalirana. Akatswiri akuti n'zokongola kuposa kopa wachitatu. Pamwamba pake pali dzina limodzi, lomwe bambo anga anandipatsa. Pano akundiitana uku ndi uku kuti ndikafotokoze. Nasutikesi ali pa ntchito yake.

Owerenga, ndikudziwa ena mwatenga kale cholembera. Mukufuna mundiuze kuti ndikanaitana akuluakulu a banja. Kuti za m'nyumba sazitengera ku holo. Kuti magazi ndi magazi. Sungani inki yanu. Dzina langa analichotsa pa tebulo lodyera, koma ulemu wake ankakaulandirira pa holo. Ndinamutsatira komwe kunali katundu wanga.

Chomwe ndingakusiyireni n'chochepa. M'nyumba mwanu mukakhala bata lambiri, wina n'kumakuuzani kuti chete ndi chete, musavomere msanga. Yesaninso. Ndipo amene mwakwera pa msana pa mnzanu, muzitsikako nthawi zina kukaona zomwe zili m'botolo. Amene amakusitirani malaya ndi amene amaona msana wanu.

Kodi ndine wokondwa? Ndimagona bwino. Ndimadya bwino. Koma m'mahotelamu ndikamapesa tsitsi, manja amakumbukira mutu wina waung'ono womwe unkakhala pakati pa maondo anga. Umenewo sindinabwezeredwe, ndipo palibe holo yomwe ndingakautengeko.

Sabata yatha foni inalira. Nambala ya Mzime. Panalibe mawu, chithunzi chokha. Kadzanja ka khanda, katagwira chala cha mayi ake. Chala cha mayiyo chinali choyera, siliva yense atasuwa.

Sindinayankhe.

Sindinafufutenso.

Basi ija yafika.